Pepala la ndalama si pepala wamba

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake ndalama siphwanyika ikachapidwa m'thumba la malaya, komanso ngati makina abwino okopera sangaitulutse ndendende. Nkhani yagona pa pepalalo. Silichokera ku mitengo ngati la m'makope, limapangidwa ndi thonje. Madola a ku America ali ndi thonje 75 peresenti, gawo lotsalalo ndi linen, ulusi wochokera ku chomera cha fulakesi. Mayiko ena amagwiritsa ntchito pulasitiki m'malo mwa pepala: Australia inatulutsa ndalama ya pulasitiki mu 1988, Bank of England, banki yaikulu ya ku Britain, inadzatsatira mu 2016 ndi ya mapaundi 5.

Chithunzi chobisika chimene chimaoneka mukaiyang'ana powala, ndi kaulusi konyezimira kaja, amazilowetsa pepalalo likupangidwa, lidakali lonyowa. Makina okopera sangafike pamenepo. Inki nayo amaidinda ndi mphamvu yaikulu mpaka imatukuka, moti chala chimamva kukhakhala kwake.

Koma kwa ine chachikulu ndi kusamala kwa osindikizawo. Makampani ngati De La Rue ndi Giesecke+Devrient amawerenga mapepala onse, ndipo olakwika amawawononga. Inki yosintha mtundu ya kampani ya SICPA ya ku Switzerland sagulitsa kwa munthu wamba. Ndalama ikakukayikitsani, yambani mwaikhudza, kenako muipendeketse muone ngati mtunduwo ukusintha.