Papepala alemba CD20 ndi Ki-67: kodi achimwene achira?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene achimwene ake, azaka 43, anatuluka chotupa m'khosi. Adokotala anadula kachidutswa n'kutumiza ku labu, ndipo zapezeka kuti ndi khansa ya m'magazi yotchedwa diffuse large B-cell lymphoma. Papepalapo alembanso "CD20 positive" ndi "Ki-67 85%". Achimwenewo ali pa ma ARV. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi chitetezo chawo chatsika mpaka 20? Nanga 85 ameneyu, ndiye kuti khansa yadya thupi lonse?"

Achemwali, mtima pansi. Zonse ziwiri ayi.

Ife kuno tinazolowera CD4, ndiye tikangoona CD ndi nambala timadziwa kuti nkhani ndi ya chitetezo kutsika. Komatu 4 ndi 20 ndi mayina chabe a timapuloteni tokhala pakhungu la maselo oteteza thupi. Poyeza CD4 amawerenga maselo m'magazi, n'chifukwa chake mumamva kuti 500 kapena 150. CD20 sanawerenge kanthu. Anangopaka kachidutswa kaja mankhwala osintha mtundu, n'kuona pa maikulosikopu kuti maselo a khansawo ali ndi CD20, kutanthauza kuti ndi a gulu la B la maselo oteteza thupi. Ndipo imeneyi ndi nkhani yabwinoko, chifukwa pali mankhwala a m'dilipi otchedwa rituximab, amene anavomerezedwa ku America mu 1997, omwe amakamatirira pa CD20 pomwepo n'kuonetsa thupi selo loti liphedwe. Amawaphatikiza ndi kemo ya CHOP, masiku 21 aliwonse, kawirikawiri maulendo 6. Kafukufuku wa ku Kamuzu Central Hospital wofalitsidwa mu 2021 anaonetsa kuti n'zotheka kupereka mankhwalawa kuno, ngakhale kwa anthu a HIV. Chovuta ndi mtengo wake, choncho funsani ngati alipo.

Ki-67 ndiye amaopseza anthu ambiri. Akutanthauza kuti mwa maselo 100 a chotupacho, 85 ali pa kalikiliki wogawikana. Inde, khansayi ndi yothamanga. Koma kemo imapweteka kwambiri maselo ogawikana omwewo. N'chifukwa chake Burkitt lymphoma, ija imatupitsa nsagwada za ana, yomwe Ki-67 wake amafika pafupifupi 100, imasungunuka msanga ikalandira mankhwala, pomwe ma lymphoma oyenda pang'onopang'ono nthawi zambiri amangogonekedwa osatheratu. Kwa ine 85 ameneyu akunena chinthu chimodzi: musachedwe. Si matenda oti muyambe mwayesa kwina mwezi wathunthu.

Tsono za kuchira adokotala saonera chizindikiro chimodzi. Kuyambira 1993 amagwiritsa ntchito muyeso wa IPI, woona zinthu zisanu: ngati wodwala wapitirira zaka 60, ngati LDH wa m'magazi (puloteni yochuluka maselo akamawonongeka) wakwera, ngati matenda afika siteji 3 kapena 4, ngati agwira malo oposa amodzi kunja kwa anabele monga chiwindi kapena mafuta a m'mafupa, komanso ngati munthuyo akutha kudzuka n'kudzisamalira kapena amangokhala chigonere. Pa zaka, achimwene anu apambana kale. Zinazo kafunseni, mukalembe pakapepala kuti musaiwale mukalowa m'chipinda muja (mantha amaiwalitsa, tonse tikudziwa).

CD4 weniweniyo kafunseninso payekha, pamodzi ndi viral load. CD4 sanena kukula kwa khansa, amanena ngati thupi lipirire kemo osagwidwa ndi matenda ena. CD4 akakhala wochepera 50, madokotala amasamala kwambiri ndi rituximab. Ma ARV asasiye ngakhale atamasanza, ndipo asanayambe dilipi awayeze hepatitis B, chifukwa rituximab amatha kudzutsa kachilombo kameneka m'chiwindi.

Chomaliza n'cha inu osamalira wodwala. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 kuchokera pa kemo, maselo oyera a m'magazi, omwe amateteza thupi ku matenda, amakhala atatsikiratu. Gulani thermometer. Thupi likatentha kufika 38, musawapatse Panado n'kudikira kuche poganiza kuti ndi malungo. Pezani galimoto usiku womwewo, ndipo pofika muwauze anamwino tsiku limene analandira kemo.