Kwa achemwali amene akufuna kukakhala ku Loudoun County

Achemwali, ndawerenga funso lanu loti mwapeza ntchito ya unamwino pachipatala china cha kumpoto kwa Virginia, pafupi ndi mzinda wa Washington, ndipo mukufuna kudziwa ngati n'kwanzeru kukafuna nyumba ku Loudoun County, popeza mwaona pamndandanda wina kuti mabanja a kumeneko ndiwo amapeza ndalama zambiri kuposa a m'madera ena onse a dziko la America. Mwanenanso kuti mukupita ndi amuna anu, amene sanapezebe ntchito, pamodzi ndi ana awiri a kupulayimale, ndipo chimene chikukukokani kwambiri ndi sukulu za kumeneko. Malangizo anga ndi akuti musasankhe malo okhala potsatira mndandandawo, ngakhale kuti manambala ake ndi oona, chifukwa umangofotokoza za anthu amene anakhazikika kale kumeneko, ndipo sukunenapo kanthu za ndalama zimene zidzatsale m'manja mwanu mukalipira lendi.

Manambalawo amachokera ku ofesi yowerengera anthu ya boma la America, Census Bureau, kudzera mu kafukufuku wotchedwa American Community Survey, amene chaka chilichonse amatumiza mafunso kunyumba pafupifupi 3.5 miliyoni. Nambala imene manyuzipepala amakonda kuitchula ndi ya banja limene lili pakati penipeni mukawandandalika mabanja onse a m'deralo kuyambira opeza zochepa kufikira opeza zambiri. Ku Loudoun, banja la pakatilo limapeza madola opitirira 170,000 pachaka, pamene m'dziko lonse banja la pakati linapeza madola 80,610 m'chaka cha 2023, malinga ndi kafukufuku wina wa ofesi yomweyo. Kusiyanaku n'kwakukulu ndithu, koma muyenera kudziwa zinthu zingapo zimene zabisala m'nambalayo. Ndalamazo amaziwerengera msonkho usanachotsedwe, ndipo amaphatikiza malipiro a aliyense wogona m'nyumba imodzi, kaya ndi mwamuna ndi mkazi wake, mwana wamkulu amene sanachoke pakhomo, ngakhalenso anzawo chabe amene akuthandizana lendi. Nyumba zambiri za ku Loudoun zili ndi anthu awiri ogwira ntchito, onse ophunzira bwino ndiponso a zaka zimene munthu amalandira malipiro apamwamba kwambiri pa moyo wake wantchito. Inuyo mukalowa m'deralo ndi malipiro a munthu mmodzi, koma mitengo ya nyumba, ya malo osiyako ana ndi ya zina zambiri inakwera kale molingana ndi matumba a mabanja a malipiro awiriwo.

Palinso mindandanda ina imene imagwiritsa ntchito avareji, monga umene kampani ya nkhani zachuma ya Bloomberg inkatulutsa, womwe kwa zaka zingapo unkaika tauni ya Atherton ku California pamwamba. Avareji imasocheretsa koposa, pakuti anthu ochepa olemera mopambanitsa amaikokera m'mwamba. Mutaphatikiza ndalama za anthu a ku Area 47 ndi a ku Mtandire ku Lilongwe n'kugawa mofanana papepala, mungatulutse nambala yooneka bwino imene siyikufotokoza moyo wa mbali iliyonse mwa ziwirizo. Choncho mukaona mndandanda uliwonse, yambani mwafufuza ngati akunena za banja la pakati kapena za avareji.

Chimene chinalemeretsa Loudoun n'chosavuta kuchilondola. M'chaka cha 1990 deralo linali ndi anthu pafupifupi 86,000 okha ndipo mbali yaikulu inali minda, koma pofika 2020 anthu anaposa 420,000. Bwalo la ndege la Dulles lili komweko, makampani ogwira ntchito za boma ndi za chitetezo anamanga maofesi awo m'mbali mwa msewu wopita kubwaloli, ndipo ku Ashburn kunamangidwa nyumba zikuluzikulu zosungiramo makompyuta oyendetsa intaneti, zochuluka kwambiri moti misonkho yake imapereka gawo lalikulu la ndalama zoyendetsera deralo. Anthu olandira bwino anasamukira kumeneko chifukwa kunali malo omangapo nyumba zatsopano. Tinganene kuti deralo linasonkhanitsa anthu amene anali kale ndi ntchito zabwino, ndipo munthu amene wangofika kumene sakwezedwa malipiro chifukwa choti adiresi yake yasintha.

Mfundo imene ndikufuna muiganizire mofatsa ndi kusiyana kwa malipiro ndi chuma. Malipiro ndi zimene zimalowa mwezi ndi mwezi, pamene chuma ndi zimene zingatsale mutagulitsa zonse zimene muli nazo n'kubweza ngongole zanu zonse. Mndandanda mwauonawo ukuyeza malipiro okha. Chuma chimayezedwa ndi kafukufuku wina wa banki yaikulu ya America, Federal Reserve, amene amachitika zaka zitatu zilizonse, ndipo wa 2022 anapeza kuti banja la pakati linali ndi chuma cha madola 192,900. Atawagawa mabanjawo, anapeza kuti banja la pakati la azungu linali ndi madola 285,000, pamene la anthu akuda linali ndi madola 44,900 okha. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa malipiro awo, chifukwa chuma chimachokera kwambiri ku nyumba zimene makolo anagula kalekale, ku ndalama za penshoni ndi ku zosiyiridwa ndi akufa. Munthu wochokera kwathu amayamba wopanda chilichonse mwa zimenezi, ndipo pamwamba pake amatumiza ndalama kumudzi za fizi, za feteleza, za matenda ndi za maliro, zinthu zimene mnansi wake wolandira malipiro ofanana sazidziwa n'komwe.

Ngakhale mkati mwa Loudoun momwemo kusiyanaku kumaoneka. Cha ku Middleburg, kumene kuli minda ya mahatchi, chuma n'chakale ndipo chili m'malo ndi m'katundu, pamene ku Ashburn ndi ku Brambleton mabanja ambiri amalandira bwino koma ali ndi ngongole yaikulu ya nyumba, ngongole za galimoto ziwiri ndi ngongole za sukulu zaukachenjede. Banja lotero limaoneka lolemera pamndandanda, komabe likhoza kugwedezeka malipiro akangoima kwa mwezi umodzi. Zimenezi zinaoneka poyera pamene boma la America linatseka maofesi ake ambiri kwa masiku 35, kuyambira December 2018 mpaka January 2019, ndipo ogwira ntchito m'boma ena a m'dera la Washington anafika pokaima pamizere yolandirira chakudya chaulere. Chuma cha dera lonselo chimadalira kwambiri boma, choncho amuna anu akamafuna ntchito aziikumbukira nkhani imeneyi.

Tsopano pa zimene mungachite. Yambani ndi kalata yanu ya ntchito ndipo muwerengere kuti lendi isapitirire 30 peresenti ya malipiro anu, chifukwa umenewu ndiwo muyeso umene nthambi ya boma yoona za nyumba imagwiritsa ntchito ponena kuti banja lalemedwa ndi mtengo wa pokhala. Tiyerekeze kuti akulonjezani madola 85,000 pachaka. Ndiye kuti lendi yanu isapose madola 2,125 pamwezi, ndipo nyumba ya zipinda zogona zitatu ku Ashburn kawirikawiri imadula kuposa pamenepo. Ineyo ndingakonde mutatsika pang'ono kuchoka pa muyesowo, poganizira kuti pa malipirowo padzachoka msonkho wa boma lalikulu, msonkho wa Virginia, inshuwalansi ya chipatala ya anthu anayi ndi zotumiza kumudzi zija. Dziwaninso kuti eni nyumba ambiri amafuna kuona kuti malipiro anu ndi owirikiza katatu lendiyo, komanso amafunsa mbiri yanu ya kabwezedwe ka ngongole, imene amaitcha credit score, ndipo munthu wongofika kumene amakhala alibe. Ena adzakuuzani kuti mupereke dipoziti yokulirapo kapena mupeze munthu wokuimirani, ndiye funsani kuntchito kwanu ngati ali ndi nyumba zimene amagwirizana nazo polandira anamwino ochokera kunja.

Za sukulu, nkhani yabwino ndi yakuti simukufunika kukhala mumsewu wa anthu olemera kuti ana aphunzire m'sukulu za Loudoun. Sukulu zonse za boma za m'deralo zili pansi pa ulamuliro umodzi, ndipo mwana amapita kusukulu imene adiresi yake yagwera, kaya makolo ake ndi eni nyumba kapena ndi alendi. Ku Sterling, kum'mawa kwa deralo, ndiponso m'mbali zina zakale za Leesburg, kumapezeka nyumba zotsikirako mtengo, ndipo kuli mabanja ambiri ochokera m'mayiko ena. Sukulu zimasiyana ndithu pa zotsatira za mayeso, koma zotsatirazo nthawi zambiri zimasonyeza matumba a makolo kuposa luso la aphunzitsi, kotero musathawe sukulu chifukwa cha nambala yokha imene mwaiona pa intaneti. Musanasaine pangano la lendi, lembani adiresi ya nyumbayo pa tsamba la ofesi ya sukuluzo kuti muone sukulu yeniyeni imene ana adzapite, chifukwa malire amatha kudula pakati pa misewu iwiri yoyandikana.

Mayendedwe nawo amadya ndalama mwakachetechete. Sitima ya Metro ya Silver Line inafika ku Ashburn mu November 2022, koma siyenda usiku wonse ndipo si zipatala zonse zimene zili pafupi ndi masiteshoni ake, choncho namwino wa mashifiti amafunika galimoto. Msewu wa Dulles Greenway ndi wolipiritsa madola angapo ulendo uliwonse, ndipo ku Virginia mwini galimoto amalipira msonkho chaka ndi chaka molingana ndi mtengo wa galimotoyo. Wina akakuuzani kuti muwolokere ku Maryland, monga ku Silver Spring kumene kuli Aafirika ambiri, adziwe kuti kumeneko madera amadula msonkho wawo pa malipiro kuwonjezera pa wa boma la Maryland, ndipo ku Montgomery County, dera limene muli Silver Spring, msonkhowo unali 3.2 peresenti m'chaka cha 2024, chinthu chimene ku Virginia kulibe. Ulendo wowoloka mtsinje wa Potomac m'mawa ndi madzulo ndi wotopetsanso kwa munthu amene waima maola 12 m'wodi.

Ndikanakhala inu, ndikanachita lendi ya chaka chimodzi chokha m'nyumba ya zipinda zogona ziwiri yosapitirira mphindi 20 kuchokera kuchipatala, kaya yagwera ku Loudoun, ku Herndon m'dera la Fairfax kapena ku Manassas. M'chaka chimenecho amuna anu adzakhala atapeza ntchito, mbiri yanu ya ngongole idzakhala itayamba kuoneka, ndipo mudzakhala mutasungako ndalama zokwanira miyezi itatu ya lendi musanayambe kuganiza zogula nyumba. Mukatiuza tauni imene chipatalacho chili ndiponso makalasi amene anawo akulowa, ndingathe kukutchulirani madera oyandikana nawo amene mungayambire kufufuza.