Anthu omwe anaumba agalu osakira a spaniel

Bambo wina wokhala ku Britain wandilembera imelo. Akuti wagula kagalu ka mtundu wa springer spaniel, ndipo pa chikalata cha makolo ake pali zilembo zakuti FTCh paliponse. Akufunsa kuti mipikisano ya kutchire imene zilembozi zimachokera inayamba bwanji, nanga oweta ndi ophunzitsa agalu omwe anasiya mbiri ndi ati.

Zikomo bambo. Zilembozo zimapatsidwa kwa galu amene wakhala katswiri pa mipikisano ya kutchire. Kumeneko galu amanunkhiza m'zitsamba osatalikirana ndi mlenje, amavumbulutsa mbalame kapena kalulu, n'kukhala pansi pomwepo, ndipo amakatola chomwe chawomberedwacho pokhapokha akauzidwa.

Mpikisano woyamba wa agalu a spaniel unachitika mu Januwale 1899 ku Sutton Scarsdale, m'dera la Derbyshire ku England, pa esiteti ya William Arkwright. Agaluwo analipo kalekale. Banja la Boughey la ku Aqualate linaweta mtundu wake kuyambira 1812 kwa zaka zoposa 100, ndipo m'khola lawo ndimo munabadwira Velox Powder mu 1903, galu amene C.C. Eversfield wa ku Denne Park anapambana naye mipikisano 20. C.A. Phillips wa agalu a Rivington (ili ndi dzina la khola lake) nayenso ndi wa nthawi imeneyo.

Koma bambo, dzina lolembedwa pa chikalata kawirikawiri limakhala la mwini malo ndi ndalama. Agalu a O'Vara anali a Selwyn Jones, komabe amene ankadzuka nawo m'mamawa, kuwaphunzitsa ndi kuwaimirira pa mpikisano anali Joe Greatorex. Ine ndikamawerenga za O'Vara ndimaona manja a Greatorex.

Amene ndimamugomera kwambiri ndi Keith Erlandson, wa agalu a Gwibernant ku Wales. Cocker (mtundu wina wa spaniel, wocheperako thupi) wamkazi dzina lake Speckle of Ardoon anapambana naye mpikisano waukulu wa ma cocker wa dziko lonse la Britain zaka zitatu zotsatizana, 1972, 1973 ndi 1974. Iye yemweyo ndiye anaphunzitsa Hales Smut, springer wa m'zaka za m'ma 1960. Galu ameneyu sanatengepo chikho chachikulu cha ma springer, koma ana ndi zidzukulu zake zinadzaza mipikisano, moti springer wosakira wa lero yemwe alibe magazi ake ndi wosowa. Kupambana ndi kubereka bwino sizimayendera limodzi nthawi zonse.

Talbot Radcliffe wa ku Presaddfed, pa chilumba cha Anglesey, ankatumiza agalu ake a Saighton's kutsidya kwa nyanja, ndipo Saighton's Sizzler anapambana mpikisano waukulu wa ku America mu 1970 ndi 1971.

Mayinawa mwina simuwapeza pa chikalata chanu, poti chimangofika mibadwo isanu. Yang'anani kwambiri makolo ndi agogo a kagaluko, ndipo mufunse amene anakugulitsaniyo kuti make amasaka bwanji akalowa m'tchire.