Kwa amai a ku Katete amene munafunsa za torrent ndi NVDA

Amai, mwati mwaika NVDA, pulogalamu yowerengera osaona zimene zili pa sikirini, pa laputopu yanu ndipo mukufuna kudziwa pulogalamu ya torrent, yokoperera mafayilo pa intaneti, imene munthu wosaona angaigwiritse ntchito popanda kuitana mwana kuti amuwerengere. Ikani qBittorrent. Ndi yaulere, ndipo ilibe zotsatsa malonda. Ambiri kuno ku Chipata amathamangira µTorrent chifukwa ndi imene anaizolowera, koma yaulereyo imabwera ndi zotsatsa, ndipo kwa ife oyendera makutu chilichonse choonjezera pawindo ndi phokoso chabe.

Mabatani ofunika ndi ochepa. Ctrl+O mumatsegulira fayilo ya .torrent imene mwaisunga kale. Ctrl+Shift+O mumamatira linki ya magnet, imene imagwira ntchito m'malo mwa fayilo ya .torrent. Alt+O ikulowetsani mu Options, ndipo mmenemo mumayenda ndi Tab ndi mivi basi.

Koma musanakopere kalikonse, konzani kaye nkhani ya bandulo, chifukwa apa ndi pamene ine ndinapsa. Torrent sichokera pa kompyuta imodzi. Fayilo imagawidwa tizidutswa, inu mukulandira kwa anthu ena, nawonso akutenga kwa inu nthawi yomweyo. Mukamaliza kulandira, pulogalamu siisiya. Imapitiriza kutumiza, chimene amati seeding. Woona amaona timanambala tikuyendayenda pansi pa windo. Ife NVDA imangokhala chete, poti palibe chimene taifunsa. Tsiku lina ndinasiya Ubuntu 24.04 ikukopereka usiku, fayilo ya pafupifupi 6GB, ndakonzera bandulo yokwanira bwinobwino. Ndinadina Alt+F4 nkukagona, osadziwa kuti pulogalamuyo yangobisala pafupi ndi wotchi. Kutacha foni ya hotspot inali yotentha ngati mbatata yootcha, bandulo yonse itapita kwa anthu amene sindidzakumana nawo.

Ndiye chitani izi. Mu Options pitani pa Speed, muchepetse Upload. Kenako pa BitTorrent pali Seeding Limits: chongani pamene akunena za nthawi, ikani mphindi zochepa, musankhe kuti ikakwana torrent iime. Potseka pulogalamu gwiritsani Ctrl+Q, ndiyo imatsekeratu. Mukakayika, Windows+B ikufikitsani pa tizithunzi ta pafupi ndi wotchi, mumve ngati qBittorrent ikadalipo. Sindikuti tizilandira chabe osapatsako ena, ai. Tsiku limene muli pa Wi-Fi yosawerengera, isiyeni itumize.

Za kudziwa ngati fayilo yatha, ine ndinaleka kulimbana ndi maperesenti pamndandanda. Pa Downloads mu Options muli kabokosi kakuti Use another path for incomplete torrents (kale kankalembedwa kuti Keep incomplete torrents in). Sankhani foda yapadera ya zosatha. Fayilo ikapezeka mu foda yanu ya masiku onse, dziwani kuti yatha. Malaiti akapita pakati musadandaule, laputopu ikayakanso torrent imapitirira pamene inalekera, ndipo ndi chifukwa chake ndimakonda torrent pa mafayilo akuluakulu.

Chimene chimavuta kwenikweni si pulogalamu, ndi mawebusaiti. Pena NVDA imawerenga Download kanai pa tsamba limodzi, atatu ali abodza. Musadine mwachimbulimbuli. Imani pa linkiyo, dinani Insert+K, NVDA ikuuzani kumene ikupita. Linki ya magnet yeniyeni imayamba ndi mau akuti magnet. Ndipo ngati munafuna buku lomvera koma dzina la fayilo likuthera ndi .exe, fufutani osatsegula.

Yambirani kumalo odalirika. LibreOffice ndi Ubuntu amapereka okha ma torrent pa mawebusaiti ao, ndipo pa Internet Archive pali mabuku omvera a LibriVox, aulere ndi ololedwa. Nyimbo za oimba athu zisiyeni, gulani; anthuwo amadyera pomwepo.

Mwatchulanso zoti mukufuna kugawana maphunziro ojambulidwa ndi anzanu a ku Magwero. Pa zimenezo torrent ndi kuzungulira. Mukakumana, ikani mafoni pafupi mutumizirane ndi Quick Share, imene kale inali Nearby Share. Ili kale mu mafoni ambiri a Android, TalkBack, yowerengera osaona pa foni, imaiwerenga, ndipo muli pafupi choncho sifuna bandulo. Mukadzabwera ku Chipata, tengani laputopu tidzakhale pansi ku Kapata, Seeding Limits ija tidzaikonzere pamodzi.