Karapao amamwa madzi amchere, nanga bwanji safa?

Mayi wina wandilembera imelo sabata ino. Akuti akudya nsima ya karapao, mwana wawo anafunsa kuti: "Ngati munthu sangamwe madzi a m'nyanja yamchere, nsombayi imakhalamo bwanji moyo wake wonse? Nanga chambo titakamuponya ku Beira angakhale?" Iwo anasowa choyankha.

Mayi, mwanayo musamugwetse mphwayi, wafunsa funso lenileni. Tiyambire kukhitchini kwanu. Mukang'amba nsomba n'kuiwaza mchere, pakapita kanthawi m'mbale muja mumakhala tayale madzi. Mchere wawakoka kuchokera m'mnofu. Madzi amatero nthawi zonse: amachoka kumene mchere uli wochepa kupita kumene wachuluka.

Lita imodzi ya madzi a m'nyanja ngati ya Indian Ocean imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, ngati masupuni awiri akuluakulu. Magazi a karapao ali ndi mchere wongokwana gawo limodzi mwa magawo atatu a umenewo. Choncho nyanja imamuyamwa madzi usana ndi usiku, makamaka kudzera m'tinthu tofiira ta m'mutu timene amapumira, tomwe mumachotsa pokonza ndiwo tija. Nsomba ili pakati pa madzi, koma vuto lake ndi ludzu. Ineyo mfundo imeneyi imandigwira mtima mpaka lero.

Ndiye amatani? Amamwa madzi omwewo, ndipo amamwa kwambiri. Matumbo amatenga madziwo pamodzi ndi mchere, kenako maselo apadera a m'tofiira tija amapopa mcherewo n'kuubwezera kunyanja. Mkodzo amataya wochepa zedi kuti asaononge madzi. Ife mapampu amenewa tilibe. Impso zathu sizingapange mkodzo wamchere wofika pa wa m'nyanja, ndiye kuti zichotse mchere wa kapu imodzi zimafuna madzi oposa kapuyo. N'chifukwa chake munthu wotayika panyanja akamwa madziwo amafulumiza imfa yake.

Chambo nkhondo yake ndi yosiyana. M'nyanja ya Malawi mchere ndi wochepa kuposa wa m'magazi ake, motero madzi amangolowa okha m'thupi. Iye samwa kwenikweni. Amakodza kwambiri, ndipo tofiira take timatolera kamchere kochepa komwe kali m'madzimo. Mukamuponya ku Beira, thupi lake lingapitirize kutaya madzi pamene nyanja nayo ikumuyamwa. Sangachedwe kufa.

Koma musamuuze mwanayo kuti nsomba iliyonse ili ndi mbali imodzi basi. Chambo ali ndi m'bale wake, wa mtundu umodzimodzi wa Oreochromis, amene asayansi amamutcha Oreochromis mossambicus. Amapezeka kumunsi kwa Shire ndi mu Zambezi, ndipo akazolowera pang'onopang'ono amakhala ngakhale m'madzi amchere woposa wa m'nyanja ngati ya Indian Ocean. Maselo ake amatha kusintha ntchito, kuchoka potolera mchere n'kuyamba kuutaya.

Shaki anasankha njira ina. Amasunga m'magazi mwake urea, chinthu chimene ife timataya mu mkodzo, kuti magaziwo akhale okhathamira ngati nyanja yomwe, ndipo nyanja imalephera kumuyamwa. Mtundu wina wa shaki umakwera mitsinje mtunda wautali, moti ku South Africa amautcha dzina la mtsinje wa Zambezi.

Ndipo ngati mwanayo adzaone kanema wa kamba wa m'nyanja atatuluka usiku kudzaikira mazira pamchenga, ayang'anitsitse m'maso mwake. Adzaona misozi yolemera ikuyenderera, mchenga utamatirira m'masaya. Anthu ambiri amati akulira ndi ululu. Ayi, kuseri kwa maso ake kuli tiziwalo totulutsa mchere, ndipo misoziyo ndi yamchere kuposa nyanja imene wachokera.