Wophunzira ndi pakamwa pake

Mdzukulu wina wandilembera kuti anamaliza digiri ya mbiri ndipo akufuna kupikisana nawo pa ukhansala kwawo. Chikumuwawa n'chakuti pamisonkhano amakhala pansi n'kumamvera anthu omwe sukulu sanapite nayo patali, ena akumufunsa zinthu zomwe iye amaziona ngati zopanda mutu. Akuti, "Agogo, ulemu woterewu ngofunikadi?"

Mdzukulu wanga, tamva za Gordon Brown wa ku Scotland, nduna yaikulu yakale ya Britain, amene anaphunzira zomwe waphunzira iwezo.

Anabadwa mu 1951, nakulira ku Kirkcaldy, kumene bambo ake anali m'busa wa Church of Scotland. Analowa yunivesite ya Edinburgh ali ndi zaka 16, ndipo diso lake lamanzere linasiya kuona atavulala pa rugby. Digiri yake ya PhD ya 1982 inali yofufuza mbiri ya chipani cha Labour ku Scotland kuyambira 1918 mpaka 1929. Mbiri ya anthu ogwira ntchito ankaidziwa kuposa eni ake. Koma ataima pa uphungu ku Edinburgh South mu 1979 anagwa, chifukwa mabuku savota. Uphungu anaupeza mu 1983 ku Dunfermline East. Anakhala nduna ya zachuma kuyambira 1997, akuyembekezera mpando wa nduna yaikulu Tony Blair mpaka 2007. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pamenepo sindingamudzudzule.

Pomwe ndikufuna utchere khutu ndi mu April 2010, pa kampeni ku Rochdale, ali nduna yaikulu ya Britain. Mayi wina wachikulire, wovotera Labour kuyambira kale, anamufunsa za anthu obwera kuchokera kum'mawa kwa Ulaya. Pamaso anamuyankha bwinobwino, natsanzikana mwansangala. Atalowa m'galimoto, osadziwa kuti maikolofoni ya atolankhani ikadali pa chovala chake, anadandaula kuti anamukumanitsiranji ndi mayiyo, n'kumutcha watsankho. Tsiku lomwelo dziko lonse linamva.

Achinyamata ena amati vuto linali maikolofoni. Ayi ndithu. Vuto linali loti ulemu unathera pachitseko cha galimoto. Mayi wokufunsa za mjigo wowonongeka kachitatu konse, mwina sakudziwa kuti khonsolo imayenda bwanji, koma ndiye amene amasenza ndowa. Ngati akulakwa, muuze pomwepo, mwaulemu, anthu akumva. Usamusekerere pabwalo n'kukamujeda ndi anzako pobwerera, chifukwa anzakowo mawa adzakhala m'chipani china, ndipo adzakumbukira zonse unanena.

Chimodzi ndimamuyamikira mkuluyu. Sanatume mthenga kapena kalata. Anabwerera ku Rochdale masana omwewo, nalowa m'nyumba ya mayiyo kukapepesa yekha, atolankhani ali panja. Chisankho chinachitika pa 6 May, Labour inataya mipando yambiri, ndipo pa 11 May anatula pansi udindo.