Uvuni Wanuwo Sunafe, Mayi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mtunthama. Akuti akangoyatsa uvuni wa kuka yawo, utsi umadzaza nyumba yonse, m'kati mwada bii, ndipo keke ya tsiku lobadwa la mwana inatuluka ikununkha nsomba. Bambo akunyumba agamula kale kuti fodya akangogulitsidwa ku Chinkhoma agula ina, iyi itayidwe. Funso lawo n'loti kodi alipo mankhwala oti athiremo, kapena basi yatha ntchito.

Mayi, imelo yanuyi ndinaiwerenga ana atagona, ndipo tulo tinandithawa, chifukwa ine ndinaphapo uvuni ndi manja angawa. Mundilole ndiyambire kutali.

Malemu abambo anga anali khukhi pa esiteti ina ya fodya kuno ku Kasungu. M'khitchini ya nyumba ya abwana munali sitovu ya nkhuni, ija ya Dover, yakuda, yolemera, yokhala ndi kauvuni pambali pa moto. Sukulu ikatsekera ndinkapita kukawathandiza kusenda mbatatesi. Buledi wawo anali wokoma, koma chimene chinandikhalira m'maso mpaka lero ndi zimene ankachita anthu akatha kudya. Ankayala chisaka pansi, n'kugwada, n'kutsegula kachitseko kaja. Ankalowetsamo dzanja pang'ono kuti amve ngati mwazirala. Mukakhala mofunda chabe, ngati thupi la mwana wodzuka kumene, ankaviika nsanza ya thumba la fulawa m'madzi ofunda otsira phulusa pang'ono, n'kuyamba kupukuta: kudenga poyamba, kenako m'makoma, pomaliza pansi, kuchokera kumapeto kubwera kukhomo. Mphindi zisanu sizinkakwana. Tsiku lina ndinawafunsa kuti amavutikiranji pamene m'katimo mukuoneka moyera kale. Anandiyankha osacheuka n'komwe: "Mafuta a lero amamvera nsanza, mwanawe. A mawa adzafuna mpeni." Sitovuyo anaipeza yakale, ndipo popuma pantchito anaisiya ikuphikabe buledi.

Kuka yanga yoyamba ndinaigula mu 2017 ndi ndalama za kubanki mkhonde. Tsiku limene inafika pakhomo pa ngolo, anzanga a pamzere wathu anasonkhana kudzaiona. Ndinayamba geni ya masikono. Ndinkadzuka 3 koloko m'bandakucha, kuti pofika 6 koloko beseni likhale lafika kudepoti. Msika wa fodya ukatsegulidwa ndinkaphika mathireyi mpaka 12 patsiku. Chaka choyamba ndinkapukuta monga ankachitira abambo. Chachiwiri ndinayamba kunena kuti ndipukuta Loweruka. Loweruka likafika pali zochapa, pali maliro, pali kwaya. Nkhuku ya pa Khirisimasi inathovokera mafuta kudenga, chigumu chinasefukira pansi, ndipo zonsezo zinkapsa mobwerezabwereza tsiku lililonse mpaka zinasanduka nkhoko yakuda yonyezimira ngati phula la pamsewu wa M1.

Kenako kunabwera chaka cha mdima chija. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la pamalo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo tinakhala chaka ndi miyezi magetsi akumabwera ngati mlendo. Nthawi zambiri ankayaka pakati pa usiku, n'kuzima mtanda usanafufume. Ndinabwerera ku mbaula, kuphika chigumu mumphika, makala pansi ndi pa chivundikiro, monga ankachitira agogo. Uvuni uja ndinausandutsa kabati. Ndinkasungamo mapoto, mathireyi, ngakhale ndiwo zotsala pobisira mphaka. Makoswe sanachedwe kumva fungo. Analowera kumbuyo, anayamba kuzomola thonje lija limakhala pakati pa zitsulo loti moto usathawe, n'kumanga chisa pomwepo, ndipo mawaya ena anawatafuna mpaka mkuwa kuonekera. Ine zonsezi sindinkaziona, chifukwa kukayo sindinaisunthepo pakhoma kuyambira tsiku limene inalowa m'nyumba.

Magetsi atayamba kukhazikika ndinalandira oda ya masikono a pa chinkhoswe. Ndinayatsa uvuni, ndipo utsi umene unatuluka unali wa fungo loti ana anathawira panja akutsokomola. Pamenepo ndinachita chimene manja anga anazolowera kuyambira ndili kamtsikana. Ndinatapa mchenga pabwalo, ndinatenga waya wokwechera mapoto, n'kugwada. Ndinakwecha kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, zala zikutuluka magazi, kenako ndinakhuthuliramo ndowa ya madzi kuti matope achoke. M'kati munayeradi. Madzulo ndinadina switchi, kunamveka kuti thuu, nyumba yonse mdima. Wa zamagetsi amene ndinamuitana mawa lake anatsegula kumbuyo, n'kundionetsa chisa cha makoswe chitanyowa chiri pa mawaya, ndi elementi ya pansi itaphulika. Anandiuzanso kuti ngakhale asinthe zonsezo, utoto wa m'kati ndaukalakala wonse. Zinali zoona. Mvula isanathe, dzimbiri linali litaboola pansi. Ndinaigulitsa kwa anyamata osula mbaula kumsika, ndipo tsiku limene anadzaitenga ndinalira, osati chifukwa cha ndalama zokha, koma poganiza kuti abambo akanakhala moyo akanandiyang'ana bwanji.

N'chifukwa chake ndikunena molimba mtima kuti uvuni si poto. Amayi athu anatiphunzitsa bwino kuti poto wa mayi waukhondo amawala ndi mchenga, ndipo pa poto n'zoona. Koma m'kati mwa uvuni muli utoto wouma ngati galasi, wofanana ndi wa makapu ndi mbale zachitsulo zakale zija zimati zikagwa pansi n'kugamphuka, pogamphukapo n'kuyamba dzimbiri. Utoto umenewo ndiye moyo wa uvuni. Mukaukala, mafuta amalowa m'mikwingwirimamo n'kukakamira kuposa kale, chinyezi n'kufika pachitsulo. Waya, mchenga, mpeni, sandipepa, zonsezi zisayandikire.

Ndikuti ndiwauzenso bambo akunyumbako, mwaulemu ndithu, kuti kugula ina sikuthetsa nkhaniyi. Ndalama ya fodya imabwera ndi thukuta la chaka chathunthu, kuyambira ku nazale mpaka kuchigafa, ndipo si yoti ikapite ku chinthu chimene vuto lake ndi mafuta opserera basi. Yatsopanoyo ikadzalowa m'nyumba momwemo, ndi chizolowezi chomwecho, pakatha zaka ziwiri idzafukanso utsi. Ndaona nyumba zambiri kuno kuboma zimene kuka yabwinobwino ili pakhonde, nkhuku zikuikira mazira mu uvuni, pamene ikanatha kuchira ndi soda wa paokala.

Pali chinanso chimandipweteka, ngakhale inu simunachitchule. Uvuni ukada, mlandu umagwera mtsikana wantchito. Mwana wachokera ku Chamama kapena ku Santhe, kwawo amaphika pa mafuwa, uvuni wa magetsi wauona koyamba m'nyumba mwanu, palibe anamuonetsapo kuti ichi sachinyowetsa, ichi sachikwecha, ndiye tsiku limene wakwecha ndi waya pofuna kukusangalatsani mukumudula malipiro. Si chilungamo. Ine ndinakulira pafupi ndi khukhi weniweni koma ndinalakwitsabe. Gwadani naye limodzi kamodzi, mumuonetse ndi manja.

Tsono za mankhwala mwafunsazi. Alipo m'masitolo, opopera aja, ndipo amagwira ntchito. Ambiri mwa iwo mphamvu yake ndi kositiki soda, yemwe uja amapangira sopo. Akakumana ndi mafuta amawasungunula n'kuwasandutsa ngati sopo, n'chifukwa chake nkhoko imafewa. Koma amawotcha khungu, amatsamwitsa, akagwera m'diso ndi nkhani ya kuchipatala, ndipo amadya ziwiya za aluminiyamu. Amene akufuna kuwagwiritsa ntchito avale magolovesi, atsegule mawindo, ana akhale kutali. Ine sindiwagula. Nzeru yake ndi yomwe ija ya chidulo: agogo ankawotcha zitsononkho kapena masangwi a mtedza, n'kudontheza madzi pa phulusalo kuti afewetsere therere. Phulusa limene abambo ankatsira m'madzi aja linkachita ntchito yomweyo pa mafuta. Soda wophikira therere ndi mbale wofatsa wa kositiki soda uja: sachita changu, koma sawononga utoto, ndipo sapweteka manja. Chimene amafuna ndi nthawi.

Makanema a pa Facebook aja osakaniza soda ndi viniga m'kapu, thovu n'kumasefukira, asakunamizeni. Ziwirizi zikakumana zimaphana mphamvu, chotsala ndi madzi a mchere. Soda amalowa yekha poyamba, viniga amabwera pomaliza. Ndipo chonde, Jik musamusakanize ndi viniga kapena mandimu ngakhale pang'ono, mpweya umene umatuluka ndi wa poizoni.

Chochita Loweruka likubwerali

Zimitsani switchi ya kuka pakhoma, osati mabatani okha. Ngati ili ya gasi, tsekani pa silinda. Tulutsani mashelefu, muwaviike m'bafa la madzi otentha ndi sopo waufa mpaka mawa. Palani zinyenyeswa zopserera ndi chipande chakale. Sakanizani masupuni 6 a soda wophikira therere ndi madzi pang'ono mpaka chikhale ngati phala lolimba, mupake m'makoma, pansi ndi kuseri kwa chitseko, kulambalala elementi, babu, fani ndi timabowo tonse. Tsekani, zigone usiku wonse. M'mawa pukutani ndi nsanza yofinya bwino, kutsukuluza nsanzayo pafupipafupi, osathira madzi m'kati. Pomaliza dutsitsani nsanza yoviika mu viniga kapena madzi a mandimu kuti zoyera za soda zichoke. Siyani chitseko chotsegula mpaka muume, kenako yatsani wopanda kanthu kwa mphindi 15, mawindo ali otsegula. Mmene mwafotokozeramu, kamodzi sikakwana. Mubwereze kawiri kapena katatu, musatope.

Za chitseko

Kuzungulira khomo la uvuni kuli labala. Ameneyo musamupake soda, mungomupukuta ndi madzi a sopo ofunda. Uvuni uli wozizira, panitsani pepala pachitseko n'kulikoka. Likatuluka mosavuta, labalayo watha, moto ukuthawira pomwepo, ndiye chifukwa chake masikono amapsa mbali imodzi ndipo mayunitsi amatha ngati akuba. Uvuni umadya mawati cha m'ma 2,000, si babu, choncho labala wakutha amakulipiritsani tsiku lililonse. Wa zamagetsi akhoza kukusinthirani. Galasi likatentha musaligunditse nsanza yozizira, lingasweke, ndipo ana asamakhalire chitseko chikatseguka, mahinjesi amapindika.

Ine tsopano ndili ndi kuka ina, yogula kwa munthu amene ankasamukira ku Mzuzu. Mulibe poto ngakhale mmodzi wogona m'katimo. Ndikamawotcha nkhuku kapena chambo ndimaika thireyi yakale pa shelefu ya m'munsi kuti izilandira mafuta. Foyilo sindiyala pansi penipeni, chifukwa imatsekereza moto ndipo imatha kumatirira ku utoto. Magetsi akazima ndimathamangira kuzimitsa pakhoma ndisanayatse n'komwe kandulo. Mwezi ukatha, ine ndi mwana wanga wamkazi timaikoka pakhoma, kusesa kuseri, kuona ngati pali zitosi za makoswe kapena mphemvu. Ndipo usiku uliwonse umene ndaphika, thireyi yomaliza ikatuluka, ndimadikira kuti muzirale, n'kuyala chisaka pansi. Mwana wanga uja tsopano ndiye amatsogola kulowetsa dzanja kuti amve ngati mwafunda.

Chinthu chimodzi chokha mundiyankhe musanayambe, Mayi. Utsiwo ununkhizeni bwinobwino. Ngati ukununkha mafuta ndi nsomba monga mwanenera, pitirizani ndi soda, uvuni wanu ndi wamoyo. Koma ngati mukumva fungo la pulasitiki wopsa, kapena kuka imakugwirani shoko mukaikhudza manja ali onyowa, kapena imagwetsa switchi yaikulu ya nyumba, musayatsenso. Itanani wa zamagetsi atsegule kumbuyo muli pomwepo, muone ndi maso anu zimene zili pa mawayawo. Mundilembere mmene zayendera.